Mpando wa Munthu Wolembedwa

1. Mvula

Loweruka limenelo mvula inayamba kusanache. Sinali yamphamvu, koma sinkafuna kuleka. Madzi ankadontha pamalata a khonde n'kumagwera pabenchi imene ndimakhalapo posoka. Ndinaisuntha kawiri.

Ine ndine wosoka nsapato. Mkazi wanga anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ndinatsala ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzake amamuitana Kapensulo, chifukwa m'tsitsi mwake simusowa kapensulo kakafupi. Nkhaniyi ndi yake. Zimene sindinazione ndi maso anandiuza ndi iye mwini. Zina ndinazimva kwa a Telala.

Kunyumba kwathu mawu ndi ochepa. Wolankhula anali mayi ake. Ankalankhula pophika, pochapa, ngakhale posesa. Ankalembanso m'makope. Makopewo ali m'sutikesi yokhoma pamwamba pa kabati. Kapensulo anapempha kiyi kawiri. Kawiri konse sindinayankhe.

M'mawa umenewo anasiya tiyi wosatha.

"Abambo, ndapita kwa a Telala."

"Ambulera," ndinatero.

Anaiwala.

2. Khomo la Kumbuyo

Kuseri kwa shopu ya a Telala kuli kachipinda ka zenera limodzi. Mmenemo ndimo mumapangidwira magazini yotchedwa Khomo la Kumbuyo. Dzinali n'losavuta. Kuti ulowemo umadutsa m'kanjira ka pakati pa shopu ndi sitolo ya utoto, n'kugogoda kumbuyo.

Magaziniyo ndi mapepala anayi basi. Akawapinda pakati amakhala masamba khumi ndi asanu ndi limodzi. Timawaya tomangira mapepala timachita dzimbiri, choncho a Telala amasoka msana wa kope lililonse pamakina awo osokera zovala, ndi ulusi uliwonse umene watsala tsikulo. Kope lina limatuluka ndi ulusi wofiira, lina wobiriwira. Ndinauyang'ana msokowo. Ndi wowongoka.

Mkonzi wake ndi mayi waimvi amene m'kati mwa sabata amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Onse amangowaitana a Mkonzi. Amasindikiza zimene ena amakana. Kondakitala wina analemba nkhani ya mizere isanu ndi iwiri, mzere uliwonse siteji ya basi, ndipo pasiteji yomaliza mkazi wake anali atatsika kale. Namwino analemba ndakatulo yozungulira ngati wotchi. Kuti uiwerenge umatembenuza pepala. Mlonda analembera kalata tochi yake.

Zina sindizimvetsa. Koma ndaona amuna akuluakulu akuwerenga tsamba limodzi kawiri, pakamwa pakugwedera.

Kapensulo anali atapitako miyezi isanu. Ankapinda mapepala ndi kudula ulusi. Sabata imeneyo anapereka ndakatulo yake yoyamba, ndipo inalandiridwa.

3. Funso

Atafika anapeza a Telala akusita mapepala ndi simbi. Kukakhala chinyezi mapepala amamatana m'makina osindikizira.

"Wabwera wolemba wathu!" anatero a Telala. "Taona, ndikusitira ndakatulo ngati malaya a bwana. Ukadzatchuka usadzandiiwale, iwe."

A Mkonzi sanaseke. Anali ndi pepala la Kapensulo m'manja.

"Khala apa. Mapepala atatu tasindikiza kale. Latsala lapakati. Tsamba lachisanu ndi chitatu ndi langa, lachisanu ndi chinayi ndi lako. Ndakatulo yako ndi yabwino. Ndaiwerenga kanayi. Koma mzere woyamba ukuti 'Bambo anga.' Bambo akowo ali moyo?"

"Ali moyo."

"Wawawerengera?"

Kapensulo anayang'ana pansi. "Ayi."

A Mkonzi analoza pakona. Panali mpando wathabwa, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Palibe amene ankaukhalira, ngakhale mipando ikachepa.

"Wakhala ukuuona mpando uwo osafunsa. Lero ndikuuza. Chaka chathu choyamba, mnyamata wina analemba nkhani ya mlongo wake. Inali nkhani yoona, yolembedwa bwino, ndipo munalibe chipongwe. Tinaisindikiza tikunyadira. Mlongo wakeyo anaimva kwa anthu, ali pamzere wotunga madzi. Anabwera kuno. Anaima pakhomo apo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, 'Bwanji sindinayambe kumva ndine?' Mpaka lero awiriwo akakumana amangopatsana moni wa pamsewu.

"Kuyambira tsikulo tili ndi lamulo limodzi. Lemba mmene ukufunira. Lemba mozungulira, lemba chozondoka, siya theka la tsamba loyera, ife tisindikiza. Koma ukalemba za munthu wamoyo amene anthu angamuzindikire, munthuyo akhale pampando uwo, iwe uime, umuwerengere ndi pakamwa pako. Saloledwa kusintha liwu ngakhale limodzi. Ntchito yake ndi kunena kuti 'Sindikizani' kapena 'Ayi.' Akati ayi, nkhani yathera pomwepo. Ngati sangabwere kuno, mpando umapita kwa iye."

"Bambo anga sakonda zolankhula," anatero Kapensulo.

"Sitikufuna kuti alankhule. Tikufuna kuti amve. Njira zako ndi zitatu. Ukhoza kufufuta 'Bambo anga' n'kulemba 'Bambo wina.' Sindikuletsa, koma ndakatuloyo ikhala ngati malaya obwereka. Ukhoza kuitenga n'kukaisunga. Kapena unyamule mpando. Pepala lapakati likulowa m'makina 3 koloko, kaya ulipo kaya palibe. A Telala kuyambira Lolemba ali ndi mayunifolomu a sukulu yonse, sitiwaonanso mwezi uno."

Kapensulo anapinda pepala lake, analilowetsa m'malaya kuti lisanyowe, nanyamula mpando.

A Telala anamutsatira mpaka m'kanjira, simbi ili m'manja.

"Iwe, tamvera. Bambo ako ndikuwadziwa. Zaka khumi akundisokera nsapato, mawu amene anandiuzapo ndi 'Mawa.' Ingozungulira nawo mpandowo, ukhale penapake pouma, ubwere unene kuti agwedeza mutu. Adzadziwa ndani? Iwowo kugwedeza mutu ndiye kulankhula kwawo."

"A Telala!" anaitana a Mkonzi ali m'kati. "Pepala likupsa!"

4. Pasiteji

Anausenza mpandowo pamutu, miyendo kumwamba. Unakhala ambulera yake. Ana a pakhonde la sitolo ya utoto anamuseka. Wokonza njinga anakuwa kuti, "Mwasamuka, achemwali?" Iye sanacheuke.

Pakati pa shopu ya a Telala ndi nyumba yathu pali siteji ya basi ya denga la malata. Anaima pamenepo. Anatsitsa mpando, naukhalira.

Anandiuza kuti mabasi anadutsa atatu. Panali pouma. Palibe amene ankamudziwa. Anatulutsa kapensulo m'tsitsi, naika nsonga yake pa liwu lakuti "anga." Sanafufute.

Basi yachinayi isanafike anadzuka, nasenzanso mpando.

5. Azakhali

Mlongo wanga wamkulu anali pakhonde. Anabwera ndi nsapato yothyoka chidendene, mvula n'kumutsekereza. Ndi iye amene anayamba kumuona.

"Mayo! Achimwene, taonani mwana wanu. Iwe, mpandowo waba kuti? Wanyowa ngati nsanza!"

Kapensulo anaika mpando patsogolo pa benchi yanga. Anaupukuta ndi dzanja.

"Abambo, ndikupempha mukhale apa. Ndalemba ndakatulo. Ili ndi inu. Akufuna kuisindikiza, koma muyambe mwamva ndinu. Mukati ayi, siituluka."

Ndinali ndi ulusi pakamwa. Ndinauchotsa.

Mlongo wanga anaomba m'manja kamodzi. "Ndinadziwa ine. Kachipinda kaja ka anthu olemba mozondoka! Tamvera kuno, mwana wa mchimwene wanga. Ine ndinakusambitsa uli kakhanda, ndiye ndili ndi ufulu wokuuza. Pepala lilibe chitseko. Ukalemba za m'nyumba, wachotsa makatani onse. Lero ukuona ngati awerenga anthu khumi a mtima wabwino. Mawa pepala lomwelo wina akulungira sopo kugolosale, ndipo mayi amene sanakupatsepo moni adziwa zimene zili kuchipinda kwa bambo ako.

"Bambo akowa si munthu wa pagulu. Pamaliro a mayi ako sanagwetse msozi pamaso pa anthu. Ena ankati alibe mtima. Ine ndimadziwa. Anadzimanga kuti akulere. Tsopano iwe ukufuna kuwamasula pakati pa msewu? Makasitomala azibwera pakhonde lino kudzaona nsapato kapena kudzaona munthu wa m'ndakatulo?

"Sindikuti usalembe. Mayi akonso ankalemba, koma ankatsekera m'sutikesi. Lemba za maluwa. Lemba za kuipa kwa ulesi, aphunzitsi akupatse mphoto. Za bambo ako zisiye. Ukawapweteka lero, pepalalo silidzabwera kudzakupepesera."

Mlongo wanga sananame. Zonse zimene ananena zikhoza kuchitika.

Kapensulo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, azakhali. N'chifukwa chake ndabwera ndi mpando."

Ndinaika nsapato pansi. Ndinadzuka pabenchi, n'kukhala pampando uja. Unali wonyowa.

6. Makapu Awiri

Anaima patsogolo panga. Pepala linali lofewa ndi thukuta. Ndinaona kuti mawu anali ochepa, kumanzere kokha. Pansi pa mzere uliwonse panali poyera.

"Mutu wake ndi Makapu Awiri," anatero. "Pamene pali poyera ndizikhala chete. Ndi mbali ya ndakatulo."

Anayamba.

"Bambo anga, m'mawa uliwonse, ndisanatuluke kuchipinda:

"Lero kwazizira."

Anakhala chete. Madzi ankadontha m'chitini.

"Mwana wakula. Nsapato zanu zakuda zija zikumukwana."

Anakhalanso chete.

"Koma sindidziwa cholankhula naye."

Chete.

"Imwani, tiyi wazizira."

Anatsitsa pepala. "Yatha."

Mawuwo anali anga. M'mawa uliwonse ndimathira tiyi m'makapu awiri, yanga ndi ya mkazi wanga, n'kumuuza za tsikulo. Ndikatha ndimatsuka kapu yake n'kuibweza m'kabati mwana asanadzuke. Ndinkayesa kuti khoma lathu ndi lochindikala.

Mlongo wanga anali atagwira pakamwa. "Achimwene, zimenezi n'zoona?"

Ndinkayang'ana mapazi a mwana wanga. Anali atavala nsapato zakuda zija, zodzaza matope.

"Abambo," anatero Kapensulo, mawu ali pansi, "ndikhoza kuing'amba. Sindikwiya. Nenani basi."

"Werenganso," ndinatero.

Anawerenganso. Ulendo uno ndinamvetsera mipata.

"Nthawi ili bwanji?" ndinafunsa.

"Yadutsa 2 koloko."

Ndinavula epuloni. Ndinatenga ambulera n'kupatsa Kapensulo. Mpando ndinasenza ine.

"Nanga nsapato yanga?" anakuwa mlongo wanga.

"Mawa."

7. Mpata wachitatu

A Telala atandiona pakhomo la kumbuyo ndi mpando pamutu, anatsala pang'ono kugwetsa simbi.

"A Mkonzi, bwerani mudzaone! Mpando wabwera ndi mwini nkhani!"

Ndinauika pakona pake. Kachipindako kankanunkha inki ndi nsalu yotentha. Pazingwe panali mapepala opachikidwa ngati zovala. A Mkonzi anaimirira, nandipatsa moni ndi manja awiri.

"Bambo, mwamva ndakatulo ya mwana wanu?"

"Ndamva."

"Mukuti bwanji?"

"Mpata wachitatu wachepa."

A Mkonzi ndi a Telala anayang'anana. A Mkonzi anatenga pepala, nawerenga ndi chala. "Pambuyo pa 'Koma sindidziwa cholankhula naye'?"

"Pamenepo. Mayi ake akanalankhula nthawi yaitali."

Kapensulo anatembenukira kukhoma. Mapewa ake ankagwedera.

"Bambo," anatero a Mkonzi mofatsa, "lamulo lathu likuti wokhala pampando sasintha liwu."

"Sindinakhudze liwu."

A Telala anaseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa nsalu. "Akugwirani, a Mkonzi! Zaka zonsezi lamulo lanu lili ndi chibowo, wachipeza ndi wosoka nsapato!"

A Mkonzi sanatsutse. Anafunsa mwini ndakatulo. "Kapensulo, ndi yako. Ukuti bwanji?"

Anapukuta m'maso ndi mkono. "Akunena zoona. Ndinauchepetsa kuti ikwane patsamba limodzi."

"Ukufuna mpata wotalika bwanji?"

Kapensulo anandiyang'ana. Ndinatambasula dzanja patebulo, kuyambira chala chachikulu mpaka chaching'ono.

"Tsamba limodzi silikwana," anatero a Mkonzi. Anakhala pakompyuta yawo yakale. Patsamba lachisanu ndi chitatu panali ndakatulo yawo, imene a Telala anandiuza kuti anailemba miyezi iwiri. Anaichotsa.

"A Mkonzi, ayi!" anatero Kapensulo.

"Yanga idikira. Siithawa. Yako iyambire kumanzere, mpata udutse pakati, mzere womaliza ukhale pansi kumanja." Anatembenukira kwa ine. "Koma sindinamvebe liwu lija, bambo."

"Sindikizani."

Makina anayamba kulira. Itakwana 3 koloko pepala lapakati linali likutuluka, lofunda. Kapensulo ankapinda, a Mkonzi ankasanja, a Telala ankasoka. Pakope lachisanu singano inayamba kudumpha. Ndinapempha kandulo, ndinapaka phula pansonga ya singano, ndipo inayenda bwino.

"Mwaona?" anatero a Telala. "Munthuyu tikanamulemba ntchito kalekale."

Ulusi wa tsikulo unali wabuluu, wotsala ku diresi la winawake. Ukatsegula magaziniyo pakati, umaona mawu ochepa pamwamba kumanzere, mzere umodzi pansi kumanja, ndipo pakati ponse poyera, ulusi wokha ukudutsa.

A Mkonzi anapereka kope loyamba kwa Kapensulo. Kenaka anamugwira paphewa. Anali atamva kale kwa iye zimene azakhali ake ananena.

"Usaganize kuti zatha. Lolemba makope awa akhala m'manja mwa anthu. Ena akuyamika. Ena anena kuti tawononga pepala, masamba awiri mizere isanu. Ena aseka bambo ako. Azakhali ako sanalakwe kukuchenjeza. Koma aliyense akadzakufunsa, udzatha kumuyang'ana m'maso, chifukwa woyamba kumva anali mwini wake. Chimenecho usadzachisiye, ngakhale udzalembe mabuku aakulu."

8. Kunyumba

Tinabwerera mvula itasanduka yowaza. Ambulera inali imodzi. Iye ankaigwira, ine ndinanyamula makope atatu m'kati mwa jekete.

Tinapeza mlongo wanga akadali pakhonde, phazi limodzi lopanda nsapato. Ndinamupatsa kope. Anatsegula pakati, nayang'ana nthawi yaitali.

"Pepala lonseli lopanda kanthu," anatero. Kenaka anaminira m'kansalu. "Mlamu wanga akanadzaza ponsepa, n'kupempha lina."

Kapensulo anali atakhala pabenchi yanga, akuchotsa matope kunsapato ndi kamtengo.

"Abambo," anatero osadzutsa mutu, "pampata wachitatupo, mukuganiza kuti amayi akanati chiyani?"

Ndinaima pakhomo. Ndinafuna mawu, sindinawapeze.

Ndinalowa kuchipinda. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, ndinaipukuta fumbi, n'kuiika patebulo. Kenaka ndinamasula kiyi pachingwe cha m'khosi mwanga, n'kumuitana mwana wanga kuti alowe.